Kalipentala Amene Anadzichekera Chikhakha

Inu amene mwatopa ndi kudikira, amene mukuona ngati zanu zikuchedwa dala, imani kaye mumve za bambo wina amene kudikira kunkamuwawa kuposa bala.

Tsiku limene nkhaniyi ikuyambira, bamboyu anali atakhala pa bedi lalitali m'chipinda cha dokotala wa mafupa, mwendo wakumanzere atautambalitsa. Mkazi wake anali pa mpando wapakona, atafumbata ndodo zoyendera za mwamuna wakeyo. Adokotala, mayi wamfupi wovala magalasi, anapachika chithunzi cha fupa pagalasi lowala n'kuloza ndi cholembera.

Sipanafunike sukulu kuti munthu aone. Fupa la msongolo linali pawiri, pakati pali mzere wakuda, ndipo nsonga zonse ziwiri zinali zitasalala.

"Miyezi isanu ndi inayi, bambo," anatero adokotala. "Fupa limeneli lasiya kuyesa kulumikizana. Ndiye pali kabala aka pakhungupa. Mafinya akadzangolowa mpaka m'kati, tidzayamba kukambirana zodula mwendo."

Bamboyo anatsitsa maso. Anangoyang'ana zala za phazi lake, zotupa, zakuda, n'kuzigwedeza pang'ono. Zinagwedezeka. Ndipo ndi zimene zinamuliza, chifukwa phazi limene ankati alidulelo linali likumumverabe.

Anzake ankamutcha Zithelero. Anali kalipentala wokhoma madenga kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo dzinalo analipeza chifukwa cha mawu ake omwe. Ena akati dzuwa lapendeka tiweruke, iye ankafuula ali pamwamba, misomali ili kukamwa, "Zithe lero!" Ntchito ankaidziwa, zimenezo tisamunamizire. Denga lake silinkadontha. Koma munthu akazolowera kuti chilichonse chimamvera hamala yake, amayamba kuganiza kuti ndi thupi lomwe lidzamvera.

Anagwa m'mawa wina, atakwera pa malata mame asanaume. Kuchipatala anamuwongola fupa, n'kumuika chikhakha cha pulasitala kuyambira m'ntchafu mpaka kuphazi. Anamuuza momveka bwino: milungu khumi ndi iwiri, osapondera.

Mlungu woyamba anamvera, chifukwa ululu unkamulondera. Wachiwiri anayamba kung'ung'udza. Pofika wachitatu ululu unali utatha, ndipo Zithelero anayamba kuwerengera mwaukalipentala. Guluu amagwira pa tsiku limodzi. Simenti pakatha mlungu umayendapo. Nanga fupa n'chiyani kuti lidye miyezi itatu? Kenako kunabwera mphekesera yoti mwini nyumba imene anagwerapo ija akufuna mmisiri wina woti amalize denga mvula isanagwe.

"Denga langa akamalize wina?" anatero kwa mkazi wake. "Anthu azidzati anakhoma ndani? Amayi, tanditengerani sowo yaing'ono ija."

"Abambo, mukufuna mutani?"

"Mungondigwirira mwendowu basi."

Mayiyo anakana. Anachonderera, anakalipa, anatuluka panja. Koma atamva mano a sowo akulira pa pulasitala, anabwerera n'kugwira mwendowo ndi manja awiri, poopa kuti munthuyu adzicheka mtsempha. Fumbi loyera linadzaza pampando, pansi, ndi pa nsalu yake. Anagwira akulira.

M'malo mwa chikhakha, Zithelero anadzipangira matabwa awiri a mtengo wolimba. Anawapala mpaka kusalala, anawakuta nsalu m'kati, n'kuwamanga ndi malamba ndi mabawuti anayi. Kunena zoona, chinali chinthu chokongola. Amisiri anzake atachiona anagwedeza mitu, wina mpaka anati achipatala abwere adzaphunzire. Kuyamikira kumeneko ndi kumene kunamaliza kumupha nzeru.

Anabwerera ku nyumba ija. Masiku awiri anaima pansi n'kumalamula anzake. Tsiku lachitatu anaona mtanda wina utapendama, ndipo mtima sunamulole. Anagwira makwerero. Ataponda pa sitepe yachinayi anamva kanthu kakuti phwa m'kati mwa mwendo, kopanda ululu wambiri. Anatsika mwakachetechete. Dengalo anamaliza ndi mmisiri wina yemwe uja.

Kuchipatala anabwererako patatha mwezi, ndipo ananama. Anati chikhakha chinanyowa n'kufumbutuka chokha. Anamuika china, koma iye anapitiriza kuponderako mobisa, ndudu ili pakamwa. Bodza lija linafika kwa achemwali ake aakulu, ndipo iwo analitenga n'kupita nalo kwa mkazi wake.

"Alamu, munthu wodwala mumamusambitsa bwanji mpaka chikhakha kunyowa? Mwatilumalitsira mlongo wathu."

Mayiyo anayang'ana mwamuna wake. Zithelero anayang'ana kudenga. Pa zonse zimene anachita, ine chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi kuyang'ana kudenga kumeneku.

Tsopano, m'chipinda cha adokotala muja, mayi wamagalasiyo anatembenuza mwendowo pang'ono n'kuyendetsa chala pa kachipsera kowongoka kotsika m'mbali mwa katumba. Kanali ndi timadontho totsatana bwinobwino.

"Madzi sasiya chipsera chotere," anatero. "Bambo anga anali ndi sowo. Mano ake ndimawadziwa. Mundiuze zoona, chifukwa sindingathandize mwendo umene sindikudziwa mbiri yake."

Mkazi wake anaweramira pansi.

"Ndinacheka ndekha, adokotala," anatero Zithelero. "Mlungu wachitatu. Awa anandiletsa. Sanalakwe kanthu awa."

Adokotala sanakalipe. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anana naye.

"Inu munaona ngati fupa ndi thabwa," anatero. "Thabwa ndi mtengo wakufa, mukalimata ndiye lamatika. Fupa ndi lamoyo. M'kati mwake muli mafuta aja mumawaona mukaswa fupa la nyama. M'mafuta amenewo mumakhala timaselo tina, tosaoneka ndi maso, timene sitinapatsidwe ntchito yeniyeni. Timangodikira. Fupa likathyoka, magazi amaundana pothyokapo, timaseloti timasonkhanapo n'kusanduka omanga fupa. Choyamba timayala mlatho wofewa, kenako pang'onopang'ono timauumitsa. Pa mlungu wachitatu ululu umakhala utachepa, koma mlatho uja umakhala ukadali ngati simenti yosauma. Inu munapondapo. Timaseloti titayalanso, munapondanso. Fodya wanuyo nayenso ankafinya timitsempha tobweretsa magazi."

Zithelero anamvetsa msanga, chifukwa anali atathamangitsapo anthu ambiri oponda pa simenti yaiwisi.

"Ndiye kuti amisiriwo anathawa?" anafunsa.

"Anatopa. Pamalo pothyokapa atsala ochepa kwambiri. Koma m'fupa la m'chiuno mwanu akadalimo. Tikhoza kukoka mafuta kumeneko ndi singano, kuwapukusa m'makina kuti timaselo tija tisonkhane pamodzi, n'kutibaya pampata uwu. Mwendo tiumanga ndi zitsulo zakunja kuti usagwedezeke ngakhale pang'ono. Sindikukulonjezani. Kwa ena zimagwira, kwa ena ayi, ndipo pa msinkhu wanu timaseloti sitichuluka ngati mwa mnyamata."

"Tipange lero lomwe, adokotala."

Adokotala anavula magalasi n'kumuyang'ana.

"Lero ayi. Milungu isanu ndi umodzi osasuta, osaponda, mpaka kabalaka kapole. Mukalephera zimenezi, musavutike n'kubwera."

Milungu imeneyo inali yowawa. Munthu amene anasuta kuyambira ali mnyamata ankangokhala pakhonde kutafuna timitengo ta machesi, kukalipira nkhuku za eni, kukalipira wailesi. Manja ankasowa pogwira. Koma tsiku lachiwiri lomwe anatumiza uthenga kwa achemwali ake kuti abwere, ndipo atafika anawauza zonse mkazi wake ali pomwepo.

Achemwaliwo anatembenukira kwa mlamu wawo. Kenako anati, "Alamu, pepani." Mkazi wa Zithelero anangoti, "Zinapita, alamu," n'kukawathirira madzi akumwa. Koma miyezi yambiri yolozedwa chala siitha ndi pepani mmodzi. Madzi akatayika sawoleka. Awiriwo mpaka lero amalonjerana mwaulemu, koma kuseka limodzi kumene ankaseka kale kuja sikunabwerere.

Kabala kaja kanapola. Tsiku la opaleshoni anamugoneka chammbali, n'kumubaya kumsana kuti kumunsi konse kuchite dzanzi. Ululu sanaumve, koma anamva kugogoda pa fupa la m'chiuno, ndipo anadziwa ndi khutu la mmisiri nthawi imene singano inabowola cholimba n'kulowa pofewa. Namwino anadutsa ndi majakisoni odzaza zinthu zofiira, zolemerera kuposa magazi wamba. Makina analira kuseri kwa nsalu kwa kanthawi. Zimene zinabwerako zinali zochepa, zosadzaza n'kapu yaing'ono yomwe.

"Ndi zomwezi basi?" anafunsa.

"Ndi zomwezi," anayankha adokotala. "Amisiri anu onse ali umu. Muwapatse mpata."

Anatuluka m'chipatala ali ndi chimango chachitsulo kunja kwa mwendo: ndodo ziwiri m'mbali, timisomali tolowa mpaka m'fupa, ndi manati omangira. Buluku linasiya kulowa, moti mkazi wake anang'amba mwendo umodzi wa mabuluku ake onse n'kusokerera mabatani. M'mawa uliwonse mayiyo ankatsuka pamene timisomali talowera, kamodzikamodzi, ndi thonje ndi mankhwala.

Patatha milungu isanu ndi umodzi anakajambulitsa. Mzere wakuda uja unali pomwepo.

"Palibe chasintha," anatero Zithelero.

"Sichinayambe kuoneka," anatero adokotala. "Zimenezo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mubwerenso."

Anabwerera kunyumba atagwa mphwayi. Ndipo m'masiku amenewo ndi mmene mdani wake wakale, phuma lija, anamuyenderanso.

Masana ena atakhala pakhonde, mwendo atausanjika pa mpando, anagogoda chimango chija ndi chikhadabo, monga amachitira mmisiri aliyense akaona chitsulo. Nati imodzi inalira mosiyana ndi zinzake. Anagogodanso. Inali itakhwefuka pang'ono. Anaiyang'ana n'kudziwa nthawi yomweyo sipanala yoyenera, ndipo sipanalayo inali m'bokosi lake, mikono iwiri yokha kuchokera pamene anakhala. Kuchipatala kunali ulendo wa mabasi awiri, kukwera monyamulidwa, anthu akukugunda mwendo, kenako mzere wa tsiku lonse. Zonsezo chifukwa cha nati imodzi yofuna kupotokola kamodzi kokha.

Anakoka bokosilo ndi ndodo. Anatsegula. Sipanala inalowa pa natiyo ngati zinabadwira limodzi.

Atakweza maso anaona mkazi wake ataima pakhomo, beseni la zovala lili m'manja. Sanakuwe. Sanachonderere ngati poyamba paja. Anangoika beseni pansi n'kunena motsitsa mawu.

"Abambo, ulendo uno sindigwira."

Zithelero anakhala choncho, sipanala ili pa nati, kwa nthawi imene iye amati inali yaitali kuposa miyezi yonse ija. Ankadziwa kuti akhoza kumanga bwino. Mwinanso kuposa achipatalawo. Koma ankadziwanso kuti tsiku la sowo lija ankadziwa chimodzimodzi.

Anachotsa sipanalayo n'kuipereka kwa mkazi wake.

"Kiyani bokosili, amayi. Kiyi musandiuze kumene muike. Mawa tilawirire kuchipatala."

Anapita. Anakhala pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Adokotala anayang'ana chithunzi kaye, anayeza mwendo, kenako anapotokola natiyo pang'ono chabe, osafika n'theka la mmene iye akanapotokolera.

"Mukanaimanga ndi mphamvu zanu zija, fupa likanasuntha," anatero. "Mwachita bwino kubwera."

Zithelero akuti mawu amenewo anamukoma kuposa kuyamikira konse kumene analandira pa madenga ake.

Mwezi wachitatu, pa chithunzi panaoneka kautsi koyera m'mbali mwa mzere uja, kochepa moti adokotala anachita kukazunguliza ndi cholembera kuti akaone. Mwezi wachinayi kautsiko kanakula. Anamulola kuponda pang'ono, phazi lili pa sikelo, kuti aphunzire kulemera kumene mwendo ungalandire. Munthu amene ankathamanga pa mitanda ya denga anayamba kuphunzira kuyenda kuchokera pabedi kufika pakhomo, akuwerenga mapazi, thukuta lili kamukamu. Masiku ena ankabwerera pakati. M'mawa mwake ankayambanso.

Manja ake anawapezera chochita. Anapempha kiyi wa bokosi, analonjeza pamaso pa mkazi wake kuti sipanala saikhudza, ndipo anayamba kupala timatabwa atakhala pansi. Choyamba anakonza ndodo zake zoyendera, zimene zinkamupweteka m'khwapa. Mnzake wa pamzere wa kuchipatala ataziona anapempha zake. Kenako wina, kenako wina. Ankayeza munthu aliyense payekha, kuyambira kukhwapa mpaka pansi, osafulumira.

Mwezi wachisanu ndi chitatu, adokotala anapachika chithunzi pagalasi lowala lija. Zithelero anafunafuna mzere wakuda. Panali chotupa choyera, chokhuthala, chosaoneka bwino, ngati mfundo ya mtengo. Mzere panalibe.

"Lagwira," anatero adokotala. "Mwendo ndi wanu."

Mkazi wake anaphimba nkhope ndi manja. Zithelero anaseka, kenako analira, kenako anafunsa funso limene analisunga miyezi yonseyo.

"Nanga padenga, adokotala?"

"Ayi, bambo. Mwendowu wafupika ndi zala ziwiri, chifukwa nsonga za fupa zinaperesedwa nthawi imene munkapondera ija. Mfundo ya phazi nayo yauma, siidzapindanso mokwanira. Pansi muyenda. Pamalata mudzagwa."

Zithelero anafunsanso: "Ndikanasiya chikhakha chija?"

Adokotala anazengereza, koma anali munthu wosadziwa kunama.

"Kathyokedwe kanu kanali kosavuta. Ambiri otero amachira pa miyezi itatu kapena inayi, n'kubwerera kuntchito zawo."

Miyezi itatu. Iye anaiona kutalika, ndipo m'malo mwake analipira chaka ndi theka, ntchito imene ankaikonda, ndi mtendere wa mkazi wake pakati pa abale. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Lero Zithelero ali ndi shedi yake ya ukalipentala kuseri kwa nyumba. Amapanga zitseko, mafelemu a mawindo, mipando, ndi ndodo zoyendera zimene anthu amachokera kutali kudzayezetsa. Walemba amisiri atatu. Onse amadandaula chinthu chimodzi, kuti bwana wawo salola kumasula thabwa pa chopanira guluu asanaume, ngakhale mwini katundu ataima pakhomo. Ndudu sanaibwererenso. Koma akamva hamala ikulira pamalata kwinakwake, amasiya chimene akuchita n'kumvetsera, ndipo akhoza kukuuzani ngati wokhomayo akudziwa ntchito kapena ayi. Nthawi zotero amisiri ake amadziwa kuti si zomulankhula.

Atangomuchotsa zitsulo zija, anapita ndi mkazi wake kwa wosoka nsapato wa pakona pa msika. Anatulutsa m'thumba nsapato yakumanzere, imene inakhala pansi pa bedi nthawi yonseyo, ikadali yatsopano pamene inzake inali itatha chidendene. Anapempha kuti aiwonjezere mphira wokhuthala zala ziwiri.

Wosoka nsapatoyo, mkulu wa imvi, anaitembenuza, anayang'ana mwendowo ndi zipsera zake, n'kugwedeza mutu.

"Pepani, achimwene. Ngozi ya galimoto?"

Zikanakhala zosavuta kuvomera. Mkuluyo sankamudziwa, ndipo sakanafunsanso.

"Ayi, akulu," anatero Zithelero. "Kugwa kunangondithyola. Kufupikitsaku ndinafupikitsa ndekha."

Anadikira pa benchi mpaka guluu wa nsapatoyo atauma, osafunsa ngakhale kamodzi ngati zatha. Kenako anavala nsapato zonse ziwiri, anamanga zingwe, anaimirira. Mkazi wake anamupatsa ndodo. Iye anaiyang'ana, n'kumuuza kuti angoinyamula. Anayenda wapansi mpaka kunyumba, akutsimphina, akupumira pa mthunzi uliwonse, pa miyendo yake iwiri.

Inu amene mukuwerenga, mwina pali chimene chinathyoka m'moyo wanu, ndipo mwina, monga bambo ameneyu, munachiwonjezera ndi manja anu. Sindikunamizani kuti zonse zidzabwerera. Zina zapita, ndipo mudzazilira mpaka kukalamba. Koma m'kati mwanu mukadali zomangira zimene simukuziona, ndipo zimagwira ntchito mwakachetechete, pa nthawi yake, osati yanu. Nenani zoona kwa amene angakuthandizeni. Pepesani amene munamusenzetsa mlandu wanu nthawi isanathe. Ndipo mukaona ngati palibe chikusintha, musakhudze, musathawe, dikirani.

Chimene chatsala n'chokwanira kuimirirapo. Musataye mtima.